Kusonkhanitsa Maina a Makolo m'Nkhokwe Imodzi

Inu amene mumva mau awa pakhonde madzulo mwana wa sukulu alikukuwerengerani, mwezi uno ndifuna kukamba nanu za nchito imene yayamba kuoneka m'mabanja ambiri: kutenga maina a makolo amene adalembedwa ndi anthu osiyanasiyana, yense kwa yekha, ndi kuwathira pamodzi m'kompyuta imodzi, monga tithira chimanga cha minda itatu m'nkhokwe imodzi. Kapena wina adzati: "Za makina zitikhudza bwanji ife anthu a khasu?" Lezani mtima. Ana anu a ku tauni ayamba kale kulemba, ndipo zimene alemba lero ndizo zimene adzukulu anu adzaziyesa zoona, inu mutagona kumanda osatha kuwatsutsa.

Ndiyambe ndi zimene zidationekera ife eni. M'chilimwe chapitachi mbumba yathu idasonkhana kudzamanga chiliza cha agogo athu aakazi. Pocheza usiku padapezeka kuti anthu atatu akhala alikulemba mibadwo ya kwathu, wina osadziwa za mnzake. Mphwanga amene agwira nchito ku Johannesburg adali ndi failo yake. Msuwani wanga, mphunzitsi wa sukulu, adali ndi yakenso, imene idatsata makamaka kuchimuna. Ndipo mdzukulu wina wamkazi adali atalemba zonse zimene agogowo adamuuza asanatisiye. Tidakondwera, ndi kunena kuti mutu umodzi susenza denga: tiphatikize zitatuzi, pakhale buku limodzi la fuko lonse.

Mphwangayo adathira mafailo onse atatu m'makina ake. Poyamba munthu aliyense adaoneka kawiri kapena katatu. Pofuna kuchotsa msanga chisokonezocho, adauza makina kuti amsonyeze onse a maina ofanana, ndipo iye adangovomera, kuvomera, kuvomera, osaima. Atatha adatiwerengera. Tidamva kuti amai ao a agogo aja adakwatiwa ndi amuna atatu nabala ana 19, woyamba ali ndi zaka 6, wotsiriza atagona kale m'manda. Anyamata adaseka mpaka kugwira nthiti. Koma atsibweni athu sadaseke. Iwo adaona chimene ife sitidachione: pa pepala latsopanolo bere laling'ono lidasanduka lalikulu, pamene mabere awiriwo akhala alikulimbirana dimba la kudambo kuyambira kale. Pepala lotere likadafika pabwalo la amfumu, lolembedwa bwino ndi makina, ndani akadamvera nkhalamba yopanda mano yonena kuti si momwemo? Mwai wathu udali wakuti mphunzitsi uja, munthu wosamala, adali atasunga mafailo atatu aja pena monga adaliri. Tidafafaniza zonse ndi kuyambanso.

Kuti mumvetse chimene chidalakwika, ndiyenera kufotokoza pang'ono m'mene maina ayendera pochoka m'makina ena kulowa m'ena. Mapulogalamu olembera mibadwo alipo ambiri, ndipo pulogalamu iriyonse isunga zinthu mwa njira yake. Koma pafupifupi onse amva kalembedwe kamodzi kotchedwa GEDCOM, kamene adakakonza a mpingo wa Mormon ku America m'chaka cha 1984, ndipo mtundu wake wa 7 udatuluka mu 2021. Failo ya GEDCOM ndi mau wamba olembedwa m'mizere. Munthu aliyense apatsidwa nambala, monga I1, I2, I3. Banja lirilonse, ndiko kuti mwamuna, mkazi ndi ana ao, lipatsidwanso nambala yake, F1, F2. Ndipo pansi pa munthu palembedwa dzina lake, kubadwa kwake, kumwalira kwake, banja limene adabadwiramo ndi banja limene adamanga. Manambalawa ali ndi tanthauzo m'failo yakeyo mokha. I1 wa mphwanga adali iye mwini. I1 wa mphunzitsi adali atate ake. Chifukwa chake pothira failo ina pamwamba pa inzake, makina apereka manambala atsopano kwa alendo onse, ndipo agogo amodzi asanduka atatu oimirira pamodzi osadziwana. Kuthirako kutenga mphindi imodzi. Chotsala ndicho chachikulu: kuweruza, dzina ndi dzina, ngati awiri awa ali munthu mmodzi.

Makina ayesa kuthandiza pa chiweruzo chimenechi. Pulogalamu yotchedwa Gramps, imene munthu aipeza mwaulere, iri ndi chida chosakira maina oganiziridwa kuti ndi a munthu mmodzi, ndipo zinzake zirinso nazo zotere. Zambiri zitsamira pa njira yakale yotchedwa Soundex, ya m'chaka cha 1918, imene isandutsa dzina kukhala chilembo chimodzi ndi manambala atatu monga mwa kamvekedwe kake. Koma njirayi idapangidwira makutu a Angerezi. Kwa iyo Banda ndi Bandawe ndi dzina limodzi, B530. Pamene Mwale ndi Mware, amene mwana aliyense kuno adziwa kuti ndi dzina lomwelo, ndi maina awiri, M400 ndi M600, pakuti Mngerezi asiyanitsa l ndi r pamene ife tiziyesa chimodzi. Kotero makina adzakusonyezani ena osayenera kuphatikizidwa, nakubisirani ena oyenera.

Vuto limeneli si lathu tokha, ndipo ena adalimbana nalo kompyuta isanabadwe. Mu 1563 Msonkhano waukulu wa Eklezia wa ku Trento udalamula kuti wansembe wa parishi iriyonse asunge buku la maukwati, lolembamo okwatirana, mboni zao, tsiku ndi malo, ndiponso kuti alembe maina a obatizidwa pamodzi ndi atate ndi amai ao a ubatizo. Mu 1614 buku la miyambo la ku Roma lidaonjeza kaundula wa akufa. Ku Quebec, m'dziko la Canada, kumene Afalansa adamanga mudzi wao mu 1608, mabuku otere adasungidwa bwino kwambiri. Koma parishi iriyonse idali ndi ake, ndipo munthu wobatizidwa kuno, wokwatira uko ndi woikidwa kwinanso adali womwazika m'mabuku atatu, monga agogo athu m'mafailo atatu. Wansembe wina, Cyprien Tanguay, adatha zaka zambiri alikufufuza m'mabuku a maparishi, kukopera maina ndi kuwasanja m'mabanja. Ndipo pakati pa 1871 ndi 1890 adasindikiza mabuku 7 a mibadwo ya mabanja a dzikolo. Idali nchito yaikulu, yoyenera ulemu. Koma ngakhale iye adalakwa m'malo ambiri, ndipo odza pambuyo pake adalemba mabuku ena oongola zolakwazo.

Zimene zidamsokoneza ife tizidziwa bwino. Atsikana ochuluka adali Marie, anyamata ochuluka Joseph kapena Jean. Mwana akamwalira, kawirikawiri dzina lake lidapatsidwa kwa wobadwa pambuyo pake. Ndipo mabanja ambiri adali ndi maina awiri, monga Hudon wotchedwanso Beaulieu, kotero kuti munthu adabatizidwa ndi dzina lina naikidwa m'manda ndi linalo. Mu 1966 akatswiri a pa sukulu yaikulu ya ku Montréal adayambanso nchito yonseyo, pofuna kuika m'kompyuta aliyense wolembedwa m'mabuku aja chisanafike chaka cha 1800, ndi kupatsa munthu aliyense tsamba lake limodzi. Zolembedwa za ubatizo, ukwati ndi maliro zidaposa theka la miliyoni. Nzeru imene idawathandiza koposa ndi iyi: sadakhulupirire dzina loima lokha, koma adayang'ana maina a anthu awiri pamodzi, mwamuna ndi mkazi wake, atate ndi amai a mwana. A Joseph ali ambirimbiri. Koma Joseph wa banja lakuti, wokwatira Marie wa banja lakuti, kawirikawiri ndi mmodzi yekha. Chidawathandizanso ndi chakuti akazi a kumeneko adalembedwa m'mabuku ndi dzina la kwao kufikira imfa, osati la mwamuna wao.

Tsono tibwere kwathu, kumene misampha ichuluka kuposa ya ku Quebec. Mabuku athu a ubatizo ndi aang'ono msinkhu: mishoni ya ku Nzama idayamba mu 1901, ya ku Mua mu 1902, ndipo oyamba kubatizidwa adadikira zaka ali m'kalasi. Kuseri kwa zaka zimenezo kuli zokumbukira za nkhalamba. Munthu mmodzi wa nthawi ya agogo athu adali ndi dzina la paubwana, lina lolandira kuchinamwali, linanso la ubatizo, limene wansembe adalilemba m'Chilatini Joannes, kwao namtcha Yohane, kapitao wa ku mgodi John, ndi Mpwitikizi wa ku Angónia João. Atabala mwana, maina onsewo adazimirira, nakhala Bambo a uje kapena Make uje. Ena mwa amene adapita ku Salisbury kapena ku Joni adatenga maina atsopano pa chitupa, ndipo ana a machona amenewo, pofunafuna kwao lero, adza ndi dzina limene kumudzi palibe adalimvapo.

Awo ndi maina ambiri a munthu mmodzi. Msampha woopsa koposa ndi wotembenuka, wa anthu ambiri a dzina limodzi. Nabanda, Naphiri, Nangondo ndi maina a mfunda. M'mudzi umodzi a Nabanda angakwane khumi, ndipo pakati pao obatizidwa Maria sasowa. Umo ndimo mudachokera ana 19 aja: akazi atatu a mibadwo yosiyana adasanduka mmodzi, ndipo amuna ao ndi ana ao onse adaunjikidwa pa iye. Kulinso kulowa dzina. Mfumu ikamwalira, wolowa m'malo mwake atenga ufumu pamodzi ndi dzina, monga dzina la Kalonga kapena la Undi lidayenda mibadwo yambiri pa anthu osiyana. Ndipo zomwezo zichitika pa maina a mafumu aang'ono a m'midzi mwathu. Wosachenjera adzalemba munthu mmodzi wokhala ndi moyo zaka 200.

Chinanso, makinawo adakonzedwa ndi anthu amene chibale chao chiyenda ndi dzina la atate, ndipo afuna kudziwa amene adabala munthu m'thupi. Ife titcha amai ngakhale akulu ndi ang'ono a amai athu. Titcha atate abale onse aamuna a atate athu. Ndipo nkhalamba ikati "uyu ndi mwana wanga" siinama iai, ngakhale mwanayo adabadwa kwa mng'ono wake. Wolemba asafunse kuti: "Ndi mwana wa yani?" Afunse mwaulemu kuti: "Agogo, ameneyu adatuluka m'mimba mwa yani?" Ndipo popeza m'makinamo mulibe malo okonzedwera mbumba, bere, mfunda, kapena mudzi umene mkamwini adachokera, zimenezi zilembedwe pa malo a ndemanga, pa munthu aliyense, osatopa, pakuti ndizo zimene zidzasiyanitsa Nabanda uyu ndi Nabanda uyo.

Njira imene tidatsata ulendo wachiwiri ndi iyi. Mafailo atatu aja tidawasunga osawakhudza. Tidasankha imodzi kukhala tsinde, ndipo tidasankha ya mdzukulu wamkazi, ngakhale idali yaing'ono pa zonse, chifukwa iye yekha ndiye adalemba pa dzina lirilonse amene adamuuza ndi tsiku limene adamva. Tidathiramo yachiwiri yokha, yachitatu nidikira kufikira titatha. Tidayamba ndi amoyo ndi amene tidawaona ndi maso, kukwera pang'onopang'ono kunka kwa akale. Sitidaphatikize awiri pokhapokha zitagwirizana zinthu zitatu: dzina, amai ake kapena amene adakwatirana naye, ndi mudzi kapena nyengo. Chimodzi chikasowa, tidawasiya padera ndi kulemba pambali kuti kapena ndi mmodzi. Awiri osiyidwa padera angathe kuphatikizidwa mawa. Koma awiri ophatikizidwa molakwa, ana ao ndi zaka zao zisanganikirana monga nyemba ndi khobwe m'dengu limodzi. Ndipo ukatumiza failo yotere kwa abale khumi, bodzalo labala ana khumi amene sudzatha kuwaitana kuti abwerere.

Za nyengo ndinenepo mau awiri. Akale adawerenga zaka ndi zochitika, ndipo zina mwa izo zaka zake tizidziwa: nkhondo ya Chilembwe ndi 1915, chimfine chachikulu chidadza pakutha pa nkhondo ya Jeremani, mu 1918 ndi 1919, Napolo wa ku Zomba ndi 1946, njala yaikulu ndi 1949. GEDCOM ilola kulemba kuti chinthu chidachitika pafupi ndi chaka chakuti, chisanafike, chitapita, kapena pakati pa zaka ziwiri. Lembani motero, musapeke tsiku kuti malo asakhale opanda kanthu. Chenjerani ndi 1 Januwale wa pa ziphaso za okalamba, amene kawirikawiri atanthauza kuti tsiku lenileni silidziwika. Chenjeraninso ndi mwana wokhala ku America, amene polemba 3/4/1952 atanthauza 4 Malichi pamene ife tiwerenga 3 Epulo. Mwezi ulembedwe ndi mau.

Nanga pamene mafailo atsutsana, wina nati atate a uje adali awa, wina nati adali awo? Apa mtima ufuna kusankha mmodzi ndi kufafaniza winayo, kuti buku lioneke losalala. Musatero. Lembani zonse ziwiri, chirichonse ndi mboni yake: ichi adanena agogo akuti chaka chakuti, icho chiri m'buku la ubatizo. Ife Akristu sitiyenera kudabwa nazo. Mateyo woyera ndi Luka woyera onse awiri adalemba mibadwo ya Ambuye Yesu, wina kutsika kuchokera kwa Abrahamu, wina kukwera kufikira kwa Adamu; ndipo pa atate ake a Yosefe woyera sanena chimodzi, pakuti Mateyo atchula Yakobo, Luka atchula Heli. Eklezia adasunga zonse ziwiri monga zidalembedwera. M'zaka za m'ma 200 Julius Africanus adafotokoza kuti Yakobo ndi Heli adali a mimba imodzi, atate osiyana, ndi kuti Heli atamwalira wopanda mwana, Yakobo adalowa chokolo. Kotero Yosefe adali wa Yakobo mwa kubala ndi wa Heli mwa lamulo. Ena amasulira mwa njira zina. Koma taonani kuti kumasulira kulikonse kukadakhala kosatheka, mlembi wina wokonda zosalala akadachotsa dzina limodzi. M'mabanja mwathunso, pamene maina awiri a atate alimbana, kawirikawiri pansi pake pali chokolo, kapena mwana wamasiye woleredwa kwa atate aang'ono, ndipo onse awiri olembawo adanena zoona.

Kaundula woona athandizanso pa tsiku lolembetsa ukwati. Lamulo la Eklezia liletsa ukwati wa achibale kufikira pa ana a anthu awiri a mimba imodzi, ndiko kuti ngakhale asuwani enieni, amene mwambo wa makolo udawalola, sangakwatirane popanda chilolezo cha Ambuye Episkopi. Kuphatikiza kolakwa kungathe kusandutsa alendo kukhala abale, kapena kubisa chibale chimene chiripo.

Za amoyo ndi za zinsinsi, samalani. Pa intaneti pali malo monga FamilySearch, pamene anthu a dziko lonse lapansi alemba pa mndandanda umodzi, ndipo aliyense wolembetsa dzina lake angathe kusintha zimene mnzake adalemba za akufa. Musanaike kanthu kumeneko, nkhokwe yanu ya kunyumba ikhale itakhazikika, ndipo masiku obadwa a amoyo akhale m'nyumba. M'mibadwo yathu mulinso nkhani zolemera: wina adadza m'mudzi pa nthawi ya ukapolo, wina atate ake sadatchulidwe. Mnyamata wa kompyuta sali mwini wa nkhani zimenezi. Afunse mwini mbumba ndi akuluakulu a bere limene zikhudza, asanatumize failo kwa wina aliyense.

Ife nchito yathu siinathe. Mwezi wathawu tidapita ku parishi kukapempha Bambo Mfumu kuti atiyang'anire m'buku lakale la ubatizo. Ndipo kumeneko tidapeza thandizo limene ambiri salidziwa, pakuti kuyambira 1908 lamulo lifuna kuti ukwati wa munthu ulembedwenso pambali pa dzina lake m'buku limene adabatizidwira. Mzere umodzi wotere udatimasulira mmodzi wa akazi atatu aja, pamodzi ndi dzina la mwamuna wake, ndipo bere lalikulu lidabwerera pa malo ake. Awiri otsalawo akali kuima padera m'nkhokwe mwathu, aliyense ndi nambala yake, ndi ana anai amene sitidawapatse kwa mmodzi wa iwo. Kutsidya kwa malire kuli agogo amodzi amene adawaona onse awiri ali mtsikana. Mitsinje ikaphwa, atsibweni ndi ine tidzakwera njinga kunka kumeneko, mdzukulu uja atanyamula kope lake.